Makiyi a Khola la Zitsulo

Mwana wanga womaliza ndi wowotcherera zitsulo. Amapanga zitseko za mashopu, ndipo ndinene poyera kuti palibe wakuba amene anathyolapo chitseko chopangidwa ndi iye. Anthu amamutcha Loko, chifukwa akafika pakhomo pa munthu amayamba wagwedeza chitseko asanapereke moni. Oseka aseke. Mwanayu anayamba ntchitoyi ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo ake atangomwalira. Ankabwera maso ali psuu ndi moto, koma sitinagonepo ndi njala.

Chaka chatha akuba anatitengera nkhuku zonse zomwe zinkagona m'khitchini yapanja. Loko anatuta zitsulo zotsala kuntchito n'kumanga khola kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mpanda. Koma khola lakelo! Makoma achitsulo chochindikala, denga lachitsulo, mahinjesi obisika mkati, ndi loko ya pashopu yodzitsekera yokha chitseko chikangomenya. Mpweya anauboolera timabowo ngati ta sefa, kuti khoswe kapena njoka zisalowe.

"Bambo a Kachitsa, musungamo nkhuku kapena akaidi?" anafunsa mpongozi wanga.

"Akabweranso aja adzalira," iye anatero.

Kachitsa ndi mwana wawo, mdzukulu wanga wamkazi wa zaka zitatu, wamfupi ndiponso wamakani ngati agogo akefe.

Atamaliza, nkhuku zatsopano tisanagule, Loko anasiya makiyi onse awiri paloko, omangidwa pa waya umodzi, n'kupita kuntchito. Unali mwezi wotentha, dzuwa lili pamutu. Ine ndinkachapa. Ndinangomva chitseko, gwa! Kenako mawu ngati ochokera mu mgolo: "Agogo!"

Ndinathamanga thovu lili m'manja. Paloko panalibe kanthu.

"Kachitsa, makiyi ali kuti?"

"Ali ndi ine. Ndi anga."

Mwanayo anali atawazula n'kulowa nawo, mphepo n'kumenyetsa chitseko. Mkati munalibe chogwirira kapena polowetsa kiyi. Loko anali atanena kuti nkhuku ilibe manja.

Nditagwira khoma linandiwotcha chikhatho. Mpongozi anaimbira mwamuna wake foni akulira, kenako tinanyowetsa mabulangete n'kuwaponya padenga, koma ankauma tikuona. Aneba athu ogulitsa makala anabwera ndi chitsulo chokanulira, n'kuzungulira khola lonse osapeza mpata pochilowetsa.

"Agogo, ntchito ya Loko iyi. Sindingaithe," anatero.

Aka kanali koyamba kumva munthu akutama mwana wanga ine n'kufuna kumutseka pakamwa.

Poyamba Kachitsa ankaimba. Kenako anayamba kulira kuti akufuna madzi. Kenako zii.

Loko anafika pa njinga yamoto, gilayinda yodulira zitsulo ili m'manja. Analumikiza chingwe kumagetsi, n'kuima chilili.

"Dulani! Mukudikira chiyani?" anakuwa mkazi wake.

"Mkati ndathiramo utuchi wouma. Moto ukangothethekera m'menemo..." Sanamalize. Anaika gilayinda pansi. Sindinamuonepo ali ndi mantha chotero, ngakhale pamaliro a bambo ake.

Anatenga tchizulo ndi hamala n'kugwada pakona yapansi, kutali ndi pomwe tinamva mawu omaliza. Akamenya kamodzi, khola lonse linkalira ngati belu, ine ndikupemphera kuti mwanayo alire, angolira basi. Anadziphwanya chala, magazi chuchuchu, osaima. Pomaliza panatseguka bowo longokwana kadzanja ka mwana. Lake silinalowe, langanso ayi.

Ndinagona pansi, tsaya padothi. Mpweya wotuluka pabowopo unali ngati wa mu uvuni. Ndinangoona timapazi.

"Kachitsa, mayi wanga, patse makiyi."

Zii.

Bambo ake anamunyengerera, mayi ake anamulonjeza maswiti, koma ayi. Apo ndinakumbukira kuti mwanayu ndi magazi anga. Ndinaumitsa mawu.

"Musiyeni ameneyu, ndi wabodza. Alibe makiyi. Makiyi ndi anga, ali m'thumba mwanga muno."

Phazi limodzi linagwedezeka.

"Ndi anga," anatero ndi timawu tosasa.

"Bodza! Ngati uli nawo, ndionetse."

Utuchi unachita tswatswa, pang'onopang'ono. Kenako kadzanja kanatulukira pabowo, katafumbata waya uja. Loko anakagwira ndi manja onse awiri.

Tinamutulutsa ali lende, diresi ili chonyowa, tsitsi lodzaza utuchi. Kuchipatala anamuika madzi, ndipo madzulo anali atayamba kale kulirira makiyi ake.

M'mawa mwake Loko sanapite kuntchito. Anasesa utuchi wonse, n'kudula makoma aja ndi gilayinda yomweyo mpaka panangotsala mizati. Lero khola lathu ndi la waya ndi matabwa, mphepo imangodutsa. Chotsekera chake ndi kathabwa, kokhala ndi chingwe cholendewera mkati, chofikira mwana wamfupi.

Mwezi wathawu akuba anatengamo tambala. Anzake anamuseka kuti Loko wagwa. Iye anangoyang'ana chala chake chopindikacho n'kupitiriza ntchito. Koma amene akufuna kumuseka adzasekere pamaso panga.