Loko wa Pakabokosi ka Masola

Mwana wanga anagula malo kuno kudziko la azungu, kunja kwa tauni ya Rockingham, kumene mawaya a magetsi safika, n'kundimangira kanyumba kangakanga. Padenga anaika masola, mabatire ali m'kashedi kuseri. Iye amagwira ntchito kumigodi, amapita pandege n'kukakhalitsa. Mkazi wake ndi ana ali m'tauni ku Canning Vale, ndipo ndinakana kukakhala kumeneko. Kwa mpongozi ngakhale sopo umachita kupempha.

Tsiku lolowa ndinaona kabokosi pakhoma lakunja, kuyang'ana kugeti, muli chogwirira chofiira. Mwana wanga anati ukachitsitsa, magetsi onse a masola amazima nthawi yomweyo. Ndinafunsa ngati aliyense wodutsa angachitsitse. Anati inde, lamulo limafuna choncho. Ine ukwati wanga wonse ndinakhala ku Kawale, kumene anatizulira mawaya pakhoma tili kutchalitchi. Wakuba amayamba wazimitsa. Mwana wanga atangokwera ndege ndinagula loko n'kukhoma kabokosi kaja, kiyi n'kumanga pansonga ya chitenje.

M'Januwale, kutentha kuli kosautsa, tchire la kutsidya kwa msewu linayaka. Moto sunafike kwathu, koma ozimitsa moto anayendera nyumba zonse. Mayi wina wa chipewa chachikasu anaima pakabokosi kanga, akugwedeza loko, akuyankhula Chizungu chawo chothamanga chija. Ndinamuuza kuti sindikumva. Kumva ndinkamva.

Nkhani inamupeza mwana wanga kumgodi, ndipo anatumiza wamagetsi amene analumikiza masolawo, bambo wina wa kutchalitchi kwathu. Anagwada pondipatsa moni. Anthu ogwada msanga ndimawayang'anitsitsa.

“Agogo,” anatero, “masola sadziwa kuti nyumba ikupsa. Dzuwa likawala, iwo akupangabe magetsi. Wozimitsa moto akathira madzi padengapo mawaya asanazime, tidzalira maliro a mwana wa eni ake.”

Ndinati kiyi ndimayenda naye, ofuna kuzimitsa angondipempha.

“Nanga utsi utakugwetsani m'katimo, adzapempha ndani?”

Ndinamufunsa ngati amayankha chonchi amayi ake omubala. Anaseka, nati amayi ake amakhoma ndi mchere womwe. Kenaka anasiya kuseka. Anati loko akakhalapo, iye sangavomereze ntchitoyo, ayenera kuchotsa magetsi onse. Opanda magetsi ndiye kuti firiji yazima, mankhwala anga a shuga aonongeka, ndi pampu ya madzi yaima.

Madzulo mwana wanga anaimba foni. Sanakweze mawu. Anati, “Amayi, loko ameneyo akafika Loweruka ali pomwepo, mpongozi wanu abwera kudzakutengani.” Ndinamva kuti chipinda anali atakonza kale, chapafupi ndi khitchini, chitseko chake chosakhomeka.

Wamagetsi uja anabweranso Lachisanu ali ndi chodulira zitsulo m'manja. Ndinamuletsa. Loko wanga sadulidwa ngati wa munthu wakufa. Ndinamasula mfundo ya chitenje n'kutsekula ndekha. Iye anatsitsa chogwirira kuti ayese. Firiji inangoti zii, nyumba yonse inafa ine ndikuona, ndi dzanja limodzi la munthu wakunja. Atakweza anamata chikwangwani chachikulu chonena poyambira pozimitsa, kuti ndi wakuba yemwe asavutike.

Kanyumba ndinakhalamo. Mpando wanga ndinausuntha, tsopano uli pawindo loyang'ana kabokosi. Mapemphero a amayi a Lachinayi ndinasiya kupita, chifukwa sindingasiye chogwirira chili pambalambanda. Ena amati ndikudwala, ena amati ndanyada. Galimoto ikachepetsa liwiro pageti, ndimaimirira. Firiji ikapuma mwa nthawi zake, ndimatchera khutu mpaka iyambirenso kulira.

Loko uja ndinam'khoma pashedi ya mabatire. Wamagetsi sanandifunse za shedi, ndipo ine sindinamufunse ngati pamenepo lamulo likulola. Akubweranso mwezi wamawa kudzayendera.