Nsapato Zomwe Sizinafike Fomu Wanu

Mpaka lero ndikamva fungo la supagulu maso anga amayamba okha kulengeza misozi, ndipo sindidziwa ngati ndi ukali wa mankhwalawo kapena ndi chisoni. Fungo limenelo limandibwezera ku shedi yoyezera tiyi kuseri kwa Chonde, nyengo ya chiperoni, chaka chomwe ndinalemba mayeso a Sitandade 8. Kuzizira kwa chaka chimenecho musakuyerekeze ndi kwina kulikonse. Phiri linasowa m'nkhungu nthawi yaitali moti tinkati a ku Mozambiki alinyamula. Kamvula kowaza kaja kankalowa paliponse, m'mabulangete, m'machesi, mumchere. Zovala ukaziyanika unkakazianula zitanyowa kuposa mmene unazichapira.

Nyengo imeneyi tiyi saphukira, ndiye ku esiteti anali atawaimitsa amayi anga pamodzi ndi anzawo othyola masamba, kuti adzabwerenso mvula ikagwa. Malipiro omaliza anapita nawo pa kaunjika tsiku la msika, n'kubwerako ndi nsapato zakuda zansalu. Zinali zazikulu moti kutsogoloko ndikanatha kusungako mbatata. Anagwada n'kumadina chala changa chachikulu kuti amve pomwe chalekeza. "Izi ndi za Fomu Wanu," anatero. "Ku sekondale wopanda nsapato zakuda amamubweza pageti. Zikafa izi palibe zina, wamva Yamikani?" Ndinamva ndi makutu onse awiri, ndipo ndikanakhala ndi lachitatu likanamvanso.

Vuto linabwera pa thiraki. Mnzanga Fanuelo, bambo ake ankayendetsa mathiraki opita ku Joni, ndipo ulendo wina anamubweretsera sikete. Linali thabwa lopindikira m'mwamba nsonga zonse ziwiri, timateyala pansi, pamwamba atamatapo chinthu chakuda chokhakhala ngati sandipepa. Malo osalala m'dera lonse anali amodzi okha, simenti ya shedi ija, yomwe inangokhala popeza kunalibe masamba oyeza. Thabwalo likamathamanga pansi pa malata phokoso lake linkamveka ngati ndege ikutera, ndipo ana tonse tinkathamangira komweko mamina ali chuchuchu. Koma Fanuelo anali ndi lamulo. "Wopanda nsapato asaponde. Mapazi anu ong'alukawo andithera katundu." Anga ndiye anali ndi ming'alu yoti mukanadzalamo chinangwa. Patapata anakananso.

Ndinapita kwa amayi n'kuwafotokozera mwaulemu kuti nsapato zatsopano zimafuna kuzizolowera, kuti zisakandilume tsiku loyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Masana okha, ndipo matope uziwalambalala." Ndinasunga mawuwo. Ndinkazinyamula m'manja njira yonse yodutsa m'minda ya tiyi, kufika pa shedi n'kupukuta mapazi pa udzu, ndiye n'kuvala. Matope sanazikhudzepo nsapato zija, Mulungu ndi mboni.

Kungoyenda pa thabwa kunali kosavuta. Chomwe tonse tinkafera ndi kulidumphitsa, monga ankachitira anyamata a mu foni ya bambo ake a Fanuelo. Umaponda kumbuyo ndi phazi lamanja, kenako n'kukhulitsa m'mbali mwa phazi lamanzere pa sandipepa paja kuti thabwa linyamuke nawe limodzi. Palibe anatiuza kuti sandipepayo chakudya chake ndi nsapato. Choyamba kuduka chinali chingwe. Ndinamanga mfundo. Chinadukanso, ndinamanganso, mpaka chinakhala ndi mfundo zambiri kuposa kolona ya asisitere. Kenako nsalu inayamba kutuwa, n'kupyapyala, ndipo tsiku lina kachala kanga kakang'ono kanasuzumira kunja ngati mbewa yoona ngati mvula yakata.

Apa ndiye mundimvetse. M'boma lonse la Mulanje, kuyambira ku Muloza mpaka kwathu, simunakhalepo mwana wosamala nsapato ngati ine nyengo imeneyo. Ndikafika pa shedi ndinkasolola zingwe zenizeni n'kuziika m'thumba, m'malo mwake n'kumanga timphira todula ku chubu cha njinga. Timphira titatha ndinapota ulusi wa neti yakale ya udzudzu. Ndinapaka phula la kandulo m'mbali monse kuti sandipepa aziterereka. Ndinaveka nsapatoyo sokosi yakutha pamwamba, anzanga n'kumati nsapato yanga ikumva kuzizira. Nzeru yanga yaikulu inali yosinthanitsa, yamanja kuvala kumanzere kuti inzakeyo ipume. Ndinkayenda ngati bakha, ndipo mapeto ake zinabooka zonse ziwiri. Pobwerera kunyumba ndinkapaka makala potuwa paja, n'kupakanso kachala komwe, kuti kakasuzumira kazioneka ngati nsalu.

Bowo la kumanzere litakula ndinapita kwa a Makwinja, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Kwathu chinthu chikasweka mankhwala ake ndi amodzi, supagulu ndi mchenga. Beseni, wailesi, chigubu, magalasi a aphunzitsi, zonse zimachira motero. "Bwera nayo kuno, mphwanga," anatero a Makwinja. "Ine ndinamatapo thanki ya njinga yamoto ya ku Milanje ku Mozambiki, iwe ukundiopseza ndi kansalu?" Anatseka bowolo ndi thonje n'kuthirapo guluuyo, ndipo nthawi yomweyo nsapato yanga inayamba kufuka utsi.

"A Makwinja, ikupsa!"

"Ndiye kuti ikugwira. Bweretsa mchenga."

Inauma gwa ngati mwala wa m'phiri. Kwa masiku ochepa ndinali mfumu pa shedi, sandipepa ankachita kundiopa. Koma nsalu imafuna kupindika ndipo mwala supindika. Masana ena ndinaponda mwamphamvu, ndinangomva kweee, chigamba chonse cha a Makwinja chinathothoka n'kugubuduka pa simenti, chitatenga ndi nsalu yabwino yomwe. Bowo lotsalapo munkatha kulowa dzira la nkhuku.

Amayi anaziona m'mawa wake akusesa. Ananyamula yamanzere, kulowetsa dzanja, zala zawo n'kutulukira kunja zitada ndi makala. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa ndodo imatha. Anangoti, "Iii, Yamikani," mawu awo otsika ngati akulankhula ndi munthu wodwala. Anadula nsalu ya ambulera yothyoka, kusoka zigamba ndi ulusi wakuda, n'kuzichapa ndi sopo ndi burashi kuti makala ndi phula zichoke. Anaziyanika padenga, koma dzuwa chaka chimenecho linali ku tchuthi. Atatopa ndi kudikira anazikhudza n'kunena kuti zauma. Anazikulunga mu jumbo, jumboyo mu jumbo inzake, kumanga kukamwa zolimba kuti musalowe mphemvu, khoswe kapena ine, n'kupachika ku mtanda wa denga pafupi ndi mbewu ya nandolo. Ndimo ankasungira chilichonse chomwe ankachiopera. "Udzazionanso tsiku lotsegulira."

Tchuthi chotsalacho ndinachithera pa khoma la shedi, manja m'khwapa, kuonerera anzanga. Kamodzi Fanuelo atapita kukataya madzi ndinakwera thabwalo chosavala, ndipo khungu lomwe ndinasiya pa sandipepa paja likanakwana kusokera chikwama. Kudumphitsa kuja sindinakuthe ngakhale kamodzi. Kunja kutayamba kufunda banja la a Fanuelo linasamukira ku Limbe, thabwa n'kupita nawo, ndipo pa shedi panangotsala mizere yakuda ya mateyala ndi mbuzi zobisala mphepo. Zotsatira za mayeso zitatuluka ndinapezeka kuti andisankhira ku sekondale yoyendera ya kufupi ndi kwathu. Amayi analuluta mpaka agalu a mudzi wina anayankha, kenako anakweza maso kuyang'ana jumbo ija ngati akuiuza kuti ikonzeke.

M'mawa wa tsiku lotsegulira ndinali nditavala kale yunifolomu, amayi anakwera pa mtondo n'kutsitsa jumbo. Atangomasula, fungo linatuluka loti ntchentche zinathawa m'nyumba. Nsapato zija zinali zitachita chuku, ubweya wotuwa mkati ndi kunja ngati anapiye. Amayi anapukuta ndi kansanza, ine n'kulowetsa phazi. Nditakoka zingwe kuti ndimange, nsalu yonse inalekana ndi mphira ya pansi ngati pepala lonyowa. Ndinatukula phazi, mphira inatsala pansi. Tinaiyang'ana tonse awiri. Kunja anzanga ankadutsa pa msewu, nsapato zawo zikulira pa miyala.

Amayi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi nsapato zawo za ku tchalitchi, zakuda, zokhala ndi kaduwa kutsogolo ndi kachidendene kotukuka pang'ono. Ankazivala Lamulungu, komanso Lachinayi pa msonkhano wa amayi, komwe iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo. Anadula kaduwako ndi lezala n'kuziika patsogolo panga. "Vala, uchedwa." Zinandikwana ndendende, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa kwambiri.

Pageti sanandibweze. Koma pa khonde la makalasi kachidendene kaja kankalira go, go, go, sukulu yonse n'kutembenuka. Nthawi yopuma isanakwane mnyamata wina wa Fomu 3 anagwada patsogolo panga, manja pachifuwa. "Takulandirani, Mayi Busa. Ana ali bwanji kunyumba?" Dzinalo linandimata kuposa guluu wa a Makwinja. Nsapato zinatha, ndinavala zina, ndinamera ndevu, koma mpaka tsiku lomaliza mayeso a Fomu 4 anthu ankandikuwira kuti Mayi Busa tipempherereni.

Miyezi yoyambayo ndikaweruka Lachinayi ndinkawapeza amayi pakhonde akusenda nandolo, mapazi ali pa dothi. Anzawo ankadutsa atavala yunifolomu zawo zoyera, onse nsapato zakuda, akuchokera ku msonkhano. "Amake Yamikani, lero tinakusowanitu, nyimbo zinachita kukwawa!" Amayi ankagwira pachipumi. "Mutu, amayi, mutuwu." Ine ndinkawadutsa nditakwiya, kuvula nsapato zawozo n'kuziponya pakona, kenako n'kuwauza kuti padziko lonse lapansi palibe munthu akuzunzika ngati ine. Ankazitola n'kuzipukuta fumbi.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti amayi ali ndi matenda odabwitsa, mutu wodziwa kalendala, ndipo kamodzi ndinawauza kuti apite ku chipatala cha ku Mishoni. Pano sukulu ndinamaliza, ntchito kulibe, Lachinayi lililonse ndimakhala pakhomo pomwepa, ndipo ndaona kuti mutu wawo ulibe vuto. Nsapato anadzagula zina mvula itagwa, ndipo ku msonkhano amapita. Koma malo awo anapeza atatenga wina. Amakhala benchi ya kumbuyo, n'kumayankha nyimbo yomwe wayambitsa mnzawo.