Mphuno Yanga Inkayezedwa M'malo mwa Anzanga

Ndinachita zopusa ku Dubai, ndipo sindikufuna wina andimvere chisoni. Sukulu ndinalekezera Folomu 2, choncho nditapeza ntchito yotsuka mbale palesitilanti ina ku Al Rigga, chilichonse chimene bwana ankanena ndinkangovomera.

Korona itavuta, antchito tinkayenera kuyezetsa pafupipafupi. Bwana sankafuna kuti wina apezeke nayo, kuopa kuti angamutsekere malo. Ataona kuti ine sindipezeka nayo, anapangana ndi munthu amene ankabwera kudzatiyeza. Aliyense wotsokomola ankamubisa m'chipinda cha katundu, kathonje n'kulowa m'mphuno mwanga, pabotolo n'kulembapo dzina la wodwalayo. Ine misozi ili mbwembwembwe, anzanga akuseka, akunditcha "mphuno ya kampani".

Kenako a Zulu, ophika athu a ku Chipata, omwe amadwala shuga, anatengera matendawo kwa mnzathu wina amene ndinayezedwa m'malo mwake. Anawagoneka pamakina opumira. A zaumoyo aboma anayamba kufufuza.

Atandiitana koyamba ndinangoti sindikudziwa kanthu. Bwana anali atandiuza kuti ndikatsegula pakamwa womangidwa ndine, poti mphuno ndi yanga, kenako adzandikweza ndege. Ndinamukhulupirira, chitsiru ine.

Ulendo wachiwiri, mayi wina wa komiti yofufuzayo anandipatsa pepala, womasulira n'kundiwerengera. Linkati zimene ndinganene sadzandiimba nazo mlandu, koma kuyambira pamenepo kukhala chete kapena kunama ndiwo ukhale mlandu. Mayiwo anandiuzanso kuti bwana wanena kale kuti zonsezo ndinkachita ndekha, kuti anzanga azindigulira chakudya.

Inu owerenga, ndinapsa mtima. Munthu ndikumubisa, iye akundipereka! Ndinayankhula mpaka womasulira anapempha madzi. Ndinatchula mayina onse, ngakhale kabati imene bwana ankatsekeramo mapasipoti athu. Potuluka bwana anandiimitsa pakhonde, masiki atanyowa ndi thukuta. "Habibi, m'bale wanga, ndakulakwira chiyani?" Ndinangoti, "Khalas, zatha basi, bwana. Kafunseni a Zulu."

Lesitilanti anaitseka, woyeza uja anamulanda chiphaso, ine pasipoti yanga ndinailandira ndi dzanja langali. Pano ndikugwira m'shopu ku Mirdif, ndipo m'selo sindinagonemo ngakhale tsiku limodzi. A Zulu anachira, koma masitepe amakwera mopumira, ndipo moni wanga amayankha mosafuna. Sakulakwa.

Inu amene muli kunja kuno, bwana akakuuzani kuti mukhale chete, dziwani kuti iye wapita kale kukayankhula. Aboma akakupatsani pepala ngati limenelo, uzani womasulira aliwerenge kawiri, kenako nenani zonse, ndi zanu zomwe. Koma nzeru ndi kukana zachinyengo za bwana tsiku loyamba lomwelo. Ine ndinapulumuka chifukwa boma linkafuna bwana, osati wotsuka mbale. Inu mwina lidzafuna inuyo.