Lolemba Limene Belu Silinalire

Ndinali ndi mwana mmodzi kumsana m'dzinja loyamba la nkhondo ya Ajeremani. Tinkakhala pamunda wa tiyi wa mzungu wina kunsi kwa phiri la Mulanje, ife Alomwe amene tinaoloka Ruo pothawa Apwitikizi. Pokhala pathu tinkalipira ndi thangata, kugwira ntchito ya mwini malo mpaka iye mwini atanena kuti yakwana. Mwamuna wanga anali m'gulu lonyamula machila. Ine ndi amayi anga tinkapalira tiyi.

Lolemba lina tinatenga makasu m'mawa monga mwa masiku onse, koma belu la kuntchito silinalire. Tinaima pamzere mpaka mame anauma m'miyendo. Kenaka kapitawo anatulukira alibe chikoti m'manja, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

"Khalani pansi," anatero. "Ku Magomero kwaipa. Loweruka anthu analowa m'nyumba za azungu ndi mikondo. Apha atatu. Wamkuluyo amudula mutu."

Mayi wina kumbuyo kwanga anaseka, kenaka n'kudzigwira pakamwa. Ine choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chopusa: kani khosi la mzungu nalo limadulika? Sindinasangalale, sindinamve chisoni. Ndinangoona nyerere zikukwera mpini wa khasu langa, ndipo ndinazisiya.

"Achita ndani?" anafunsa mkulu wina.

Kapitawo anayang'ana kunyumba ya mzungu asanayankhe. "Akuti anthu a tchalitchi cha njerwa chija cha ku Chiradzulu, cha mbusa wachikuda."

Amayi anandigwira pabondo mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Mng'ono wanga anakwatiwa kumeneko. Mwamuna wake anali telala, wopemphera patchalitchi chomwecho, ndipo anali ndi ana awiri, wamkazi woyenda kale ndi wamwamuna wa kubere. Sitinayang'anane. Tinkadziwa kuti pamzere paja panali anthu odziwa za ukwatiwo.

Dzuwa lisanafike pamutu, mzungu anatseka nyumba yake. Azungu onse a m'minda ankasonkhana ku boma. Ndinaona mwamuna wanga ali kutsogolo kwa machila a dona, mkazi wa mzunguyo, mtengo uli paphewa, mzungu akuyenda pambali mfuti ili m'manja. Masiku ena onyamula machila ankaimba, koma tsiku limenelo kunkangomveka mapazi m'matope. Ndinathamangira kunjira ndi chinangwa chophika m'katsamba. Iye anachilandira osaima.

"Mayi a mwana," ananong'ona, "wina akakufunsani, mulibe m'bale ku Chiradzulu. Ndipo jekete langa lija lisapezeke m'nyumba."

Jeketelo analigula kwa Mmwenye, ndipo ankalivala Lamulungu lokha. Anthu a tchalitchi chija ankadziwika ndi kuvala ngati azungu, choncho tsopano aliyense wa jekete kapena chipewa ankaoneka woukira. Ine ndi amayi tinalikulunga m'masamba a nthochi n'kulikwirira m'munda mwa kalongonda. Tili mkati mokwirira, amayi anaimika khasu.

"Ndipita," anatero. "Ndi ulendo wa masiku awiri okha. Ndikamutenga mwana wanga."

"Mukadutsa pati, amayi? Asilikali ali pamadooko onse."

"Nanga ndizingokhala?"

Anakhala pansi pamzere wa mbewu, manja ali pamutu, ndipo anayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha, kutchula anthu amene tinawasiya kutsidya kalekale. Sanapite. Ine ndi amene ndinawaletsa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino.

Masiku otsatira kunalibe ntchito, kunalibenso wotiuza zoona. Wina ankati Ajeremani afika ku Zomba. Wina ankati ku Blantyre sitolo yaikulu yathyoledwa, mfuti zonse zatengedwa. Wina ankati azungu alumbira kuti Mlomwe aliyense abwezedwa kwa Apwitikizi. Tinkamva zonsezo n'kupita kukatunga madzi. Mvula ikakata, chakumadzulo kunkaoneka utsi m'malo awiri kapena atatu, utsi wakuda wa udzu wa padenga. Sinali nyengo yotentha tchire, aliyense ankadziwa zimenezo, koma palibe amene analoza chala.

Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, m'chimanga munatuluka mayi wina. Nsalu yake inali yong'ambika, miyendo yotupa, kumsana kuli mwana wosalira. Anapempha madzi ndi mawu otsika, n'kufunsa njira ya ku Ruo. Ndinamupatsa chikho. Ndinkafuna kumufunsa ngati ankamudziwa mkazi wa telala, funso linafika pakamwa penipeni. Koma mkazi wa kapitawo anali pabwalo lake akupeta, maso ali kwa ife. Kufunsa kukanakhala kuvomera kuti tili ndi m'bale kumeneko. Ndinangoloza ndi mlomo kumene kunali mtsinje. Mayiyo anamwa, anaika chikho pansi bwinobwino, n'kulowanso m'chimanga. Amayi, amene anali m'nyumba, atamva zimenezi sanandilankhule mpaka tsiku linatha.

Kenaka anayamba kudutsitsa ogwidwa. Ankawayendetsa mumsewu wa ku boma atawamanga chingwe chimodzi m'khosi, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Ife tinkaima m'mbali, madengu ali pamutu ngati tili paulendo wathu, n'kumayang'ana nkhope imodzi imodzi. Ena anali ndi magazi ouma m'makutu. Pakati pawo ndinaona mkulu wina woumba akaliwo osutira fodya amene ndinkamudziwa, munthu woti sanapondepo m'tchalitchi chilichonse. Anandiona, ine ndinayang'ana pansi. Mlamu wanga sanali pagulu limenelo, ngakhale pa lotsatira. Sindinkadziwa ngati ndithokoze kapena ndilire, poti ena sankafika nawo ku boma.

Mwamuna wanga anabwera patapita masiku khumi ndi awiri, mapewa atasupuka. Atachoka kunyamula dona anamupatsa mabokosi a zipolopolo kuti azitsata asilikali m'tchire. Anatiuza kuti mbusa uja waphedwa chakuno kwathu, pafupi ndi malire, ndipo tchalitchi chake achigwetsa ndi wonga.

"Nanga alamu anu?" anafunsa amayi. "Nanga mwana wanga?"

"Amayi, kumudzi kuja kulibe nyumba yoima. Sindinaone munthu woti n'kumufunsa."

Zina zimene anaona sanazinene, ndipo ife sitinaumirire. Sabata yomweyo mzungu anabwerera, ntchito inayambanso. Tiyi anali atamera udzu wofika m'mawondo, ndipo kapitawo anatiwonjezera mizere. Tinkapalira osaimba.

Chimanga chinacha, tinakolola. M'chilimwe kunabwera bambo wina wogulitsa matemba a ku Chilwa, amene ankayenda mbali zonse ziwiri za malire. Amayi anamuitanira kuseri kwa nkhokwe, ine ndikulondera njira. Anati mkazi wa telala anamuona kutsidya, chakuseri kwa phiri, akulima m'munda wa anthu ena. Za mwamuna wake anamva kuti anawomberedwa. Anatinso mayiyo anali ndi mwana mmodzi.

"Mmodzi?" anatero amayi. "Wamkazi kapena wamwamuna?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Anati sanayang'anitsitse, anali ndi katundu pamutu ndipo kunali kutali pang'ono. Analonjeza kuti akadzapitanso adzafunsa. Koma chaka chomwecho boma linayamba kugwira amuna m'misewu kuti akanyamule katundu wa nkhondo kumpoto, ndipo wa matemba uja sanabwerenso kwathu.