Akavalo a Mapesi

Chipewa cha mlaza chija chinali cha amalume, chong'ambika pamphumi, chonunkha thukuta ndi fodya. Ndinachivala chilimwe chonse cha chaka chimene kanema wa akauboyi anafika pamsika wa kwathu kwa Chiwalo.

Kanemayo anali wotchipa zedi. Ngakhale ife ana tinkaona kuti nyumba zake n'zamatabwa ongoimika. Tepi inkadumphadumpha, jenereta ikutsokomola kuseri. Chingerezi sitinkamva, koma nkhani inali poyera: alimi a ng'ombe ankalimbana ndi bwana wina wandevu amene anawatchingira madzi ndi waya kuti asamuke. Bwanayo tinkadana naye kwambiri.

Tikaweruka kusukulu tinkasewera kanemayo m'munda wa amayi ake a mnzanga amene ndinkakhala naye benchi imodzi. Mapesi anali akavalo athu, fumbi lili koboo. Munda umenewo ndi womwe amalume ankaulimbirana nthawi imeneyo. Ankati unali wa makolo athu, ndipo mayiwo anangobwerekedwa atafika pothawa nkhondo ku Mozambique. Zonsezi ndinkazimva, koma zinkangondidutsa ngati nkhani za pawailesi.

Pogawana mbali, anzanga ankandipatsa ubwana tsiku lililonse. Ine ndi kupusa kwanga ndinkanyadira, poganiza kuti aona luso langa. Ndinkaima pamzere n'kumakuwa kuti onse achoke pamalo panga, iwo n'kundiwombera ndi mitengo ya chinangwa mpaka ndigwe. Mnzanga uja ankawombera pomaliza, ndipo sankaseka. Ndikakumbukira lero manyazi amandigwira, chifukwa ana onse aja ankadziwa chimene ankachita, kupatula ine.

Tsiku lina amayi anga anandipeza ndili mkati mokuwa. Sanandimenye. Anangondigwira dzanja nati, "Masewera awa usadzachitirenso pano." Chifukwa chake sanandiuze.

Mvula isanagwe, amalume anadzala khonje kuzungulira munda wonse uja. Mnzanga ndi amayi ake anamangirira mphasa ndi mapoto panjinga, ulendo wa kwa abale awo kutsidya kwa malire. Ndinawaperekeza mpaka pamjigo. Pofuna kumusangalatsa ndinamuuza kuti akadzabweranso ndidzamusiyira ubwana, iye ndiye azidzathamangitsa ine.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka amayi ake anamuitana.

Ndinabwerera kunyumba nditakwiya, poti ndinamupatsa mbali yabwino kuposa zonse, iye osathokoza n'komwe.