Silinda Yomaliza ya a Chisanu

Amuna anga anthu amawatcha a Chisanu poti ankakonza mafiriji. Chozizira linali dzina lokhalo. Munthuyo anali moto, ndipo dzino langa lakutsogololi silinaguluke lokha ayi.

Ntchito ankaidziwa, bodza n'loipa. Awo anali mafiriji akale aja, ofuna gasi amene analetsedwa chifukwa amawononga mlengalenga. M'masitolo anali atatha kalekale, koma iwo anali ndi silinda imodzi yomaliza kuseri kwa chitseko cha shopu. Ankamutama gasiyo ngati mwana wawo: "Ameneyu sayaka, sanunkha, saoneka. Koma akakuthira ali wamadzimadzi, khungu limauma gwa! Usakhudze, wamva?" Tsiku lina ndinaisuntha silindayo posesa. Anandimenya mpaka ndinagona masiku awiri osadzuka.

Lachiwiri lina masana ndinawapititsira chakudya kushopu. Posakhalitsa kunatulukira wogulitsa nyama, chimunthu cha khosi ngati la ng'ombe.

"Iwe Chisanu!" anakuwa. "Firiji unakonza dzulo ija yazimanso. Nyama yonse yawola!"

"Mwawola ndi m'kamwa mwakomo," anayankha amuna anga.

Basi, inabuka. Mbama, zibakera, sipanala pamphumi, magazi chuu! Anagwetserana pabenchi, benchi n'kugunda silinda. Inamenyetsa mutu pasimenti, kampopi kake n'kuthyoka. Psii! Chinthunzi choyera chinathovoka, wanyama uja n'kuliyatsa liwiro.

"Bambo a mwana, isiyeni!" ndinakuwa.

Akanamva ndani? Popanda gasi ameneyo ntchito yawo inali itatha. Anaidumphira n'kutseka pothyokapo ndi dzanja lamanja, lopanda gulovesi, iwo omwe aja ankandiletsa kukhudza. Anakanikiza mano ali gwa, gasi akutulukabe m'mipata ya zala mpaka silinda inati zii. Pochotsa, dzanja linali mbuu, lolimba ngati nyama ya mufiriji.

Kuchipatala anadula zala zitatu. Gasi anapita, shopu inatsekedwa.

Masiku ano amangokhala pakhonde, dzanja lili m'thumba. Anzanga akabwera amati, "Pepani mayi, dzanja lodyera lija!" Ine ndimati zikomo. Ndimawamanga mabatani a malaya, ndimawadulira nyama m'mbale, ndipo chisoni chimandigwira ndithu, si mwala mtima wangawu. Koma Mulungu andikhululukire: dzanja limenelo silikunganso chibakera, ndipo ine ndayamba kunenepa.