Zala za malume Isaiah

Malume anga a Isaiah amayendetsa galimoto yogawa buledi m'mashopu a ku Finglas. Nditangofika ku Dublin kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinkakhala kwawo, ndipo pakudya ndinkawayang'ana m'manja mobisa. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu zokha.

Zala ziwirizo anazisiya m'munda wa chimanga kufupi ndi Liwonde. Iwo ndi mkulu wawo a Dunstan ankathamangitsa njovu ndi mfuti ya gogodela, yosula pamudzi. Mwambo wa osula unali woti onga wachilendo umayesedwa kaye: mfuti amaimangirira kumtengo, munthu n'kubisala, n'kuikoka ndi chingwe. Chaka china onga wawo unatha, ndipo a Dunstan anapeza wina kwa munthu wongodutsa. Njovu zinali kale m'munda, ndiye za chingwe anazikana. Anauza mng'ono wawo kuti achirikize mpope wa mfuti, iwo n'kuwomba. Mfuti inang'ambika ngati nsungwi. Chitsulo chinalowa pansi pa chibwano cha a Dunstan n'kutulukira kukhutu, ndipo anafera m'mizere, magazi akuwira pakhosi, mng'ono wawo akutseka balalo ndi dzanja lopanda zala ziwiri.

Wina akanathawa mfuti moyo wonse. Malume ayi. Atapeza mapepala okhalira kuno, anapempha laisensi n'kulowa kalabu ya owombera chandamale, kutali kunja kwa tauni, komwe malamulo amalola munthu kudzipangira zipolopolo. Ankathera nthawi yambiri pa benchi yothirira onga kuposa powombera penipeni.

"Onga uli ngati anthu, Tupochele," ankandiuza choncho. "Wina ndi wofatsa, amapsa pang'onopang'ono. Wina ndi waukali, amapsa kamodzi. Mfuti yaitali ngati yangayi imafuna wofatsa. Ukaipatsa waukali, imakubwezera kumaso. Ndiye chitini chopanda dzina, olo akupatse ndi abusa, usachikhudze."

Mwana wawo Fredrick, msuweni wanga, anakulira konkuno. Ndi bambo wandevu kale, wokonza magetsi, wolowa kalabu yomweyo. Akamuyankhula m'Chichewa amayankha m'Chingelezi, ndipo nkhani ya a Dunstan anaimva kambirimbiri mpaka ankaimaliza yekha akuseka.

Loweruka lina ananditenga kuti ndikapitidweko mphepo. Kunkagwa kamvula kosakata kaja, ndiye ndinakhala pakona m'shedi yothirira onga, manja m'jekete. Malume anatuluka kukathandiza mnzawo kukonza zandamale. Fredrick anasuzumira m'chitini cha bambo ake, n'kupeza chatsala pang'ono. Kenako anatulutsa botolo la khofi lodzaza onga lomwe mkulu wina anasiya m'kabati atasiya kalabu. Linalibe dzina lililonse. Onga wa malume ndinkaudziwa, unali timitengo ting'onoting'ono. Wa m'botolowo unali wophwatalala ngati nthangala za bonongwe.

"Fred, umenewo si wa malume," ndinatero, mawu ali pansi.

Anandiyankha m'Chingelezi kuti onga ndi onga, wakuda ndi wakuda. Kenako anawonjezera m'Chichewa chake chopindika: "Iwe ziwa za manapi a agogo ako."

Anadzaza zipolopolo zake, nanyamula mfuti n'kutuluka.

Ine sindine munthu wokuwa. Kuntchito amachita kundifunsa kawiri kuti ndanena chiyani. Ndinaimirira, ndikumuona pazenera akuyala mphasa yake n'kugona chafufumimba, tsaya lake lili pa mfuti, diso lili pafupi ndi chitsulo. Ndinathamanga m'matope kudutsa azungu ovala zotseka m'makutu.

"Malume! Wathira wa m'botolo! Wopanda dzina!"

Sanandifunse kanthu. Anataya zomwe ananyamula n'kuthamanga, munthu wa mimba yake, akukuwa kuti, "Fredrick! Siya! Siya, galu iwe!" Woyang'anira malo owomberawo naye anakuwa kuti onse aleke kuwomba, koma Fredrick anali atatseka m'makutu. Malume anadzigwetsa pa iye, n'kulowetsa dzanja lamanja pakati pa nkhope yake ndi mfuti, akumukankhira mutu kumbali. Chala cha Fredrick chinali kale pokokera.

Sikunali kulira kwa mfuti wamba. Kunamveka ngati chitseko chachitsulo chagwa kuchokera kumwamba. Mfuti inathyoka pakati, chidutswa china chinaboola denga la malata. Fredrick anagubuduka akulira, nkhope yonse ili psuu. Ndinaganiza kuti maso apita. Anadzipukuta ndi mkono, n'kuphethira. Magaziwo sanali ake.

Malume anali atagwada, atagwira dzanja lawo lamanja pachifuwa. Chala cholozera ndi chapakati kunalibe, fupa loyera likuonekera, magazi akuthamanga mpaka m'chigongono. Ndinavula sikafu yanga n'kumanga mwamphamvu monga anatiphunzitsira kuntchito, n'kukweza dzanjalo m'mwamba.

"Ukuona?" anafunsa malume, mano ali gwa. "Fredrick, ukundiona?"

"Ndikuona, adadi," anayankha, m'Chichewa.

Apo malume anamumenya mbama ndi dzanja la zala zitatu lija, mpaka zotseka m'makutu zinauluka. Kenako anamukokera pachifuwa pawo, ndipo sanamusiye mpaka ambulansi inafika.

Apolisi anatenga zidutswa za mfuti ndi botolo lija, n'kumulanda Fredrick laisensi. Malume anakhala miyezi ingapo osagwira chiwongolero. Pano anabwerera kuntchito, pa galimoto yosafuna kusintha magiya ndi dzanja. Ku kalabu amapitabe, koma sawombanso. Amakhala pa benchi ija, aliyense wolowa ndi chitini amayamba wawaonetsa dzina la ongawo.

Mabatani a malaya amawavuta. M'mawa uliwonse, asanapite kuntchito kwake, Fredrick amadzera kunyumba kudzawamanga.

"Wayambira pakati, iwe," amatero malume. "Masula, uyambirenso. Maso uli nawo."